Sunagoge wa Ben Ezra: nkhokwe ya mbiri ya Ayuda mumzinda wakale wa Cairo

Kummwera kwa mzinda wa Cairo, likulu la dziko la Egypt, kuli dera lakalekale komwe nyumba zopemphereramo za zipembedzo zitatu zidayandikana ngati nyumba za pamudzi umodzi. Mlendo akatsika sitima pa siteshoni ya Mar Girgis amayamba waona zotsala za linga la Babylon, lomwe Aroma adamanga m'mbali mwa mtsinje wa Nile. M'kati mwa lingali muli matchalitchi a mpingo wa Coptic, monga cha Abu Serga, pomwe Akhristu a kumeneko amakhulupirira kuti Yosefe ndi Mariya adabisalapo ndi mwana Yesu pothawa mfumu Herode. Chakumpoto pang'ono kuli mzikiti wa Amr ibn al-As, woyamba kumangidwa m'dziko la Egypt. Ndipo kumapeto kwa kanjira kopanikiza, pafupi ndi tchalitchi cha Saint Barbara, kuli sunagoge wa Ben Ezra.

Sunagogeyu si wamkulu, ndipo masiku ano simuchitika mapemphero a sabata ndi sabata chifukwa Ayuda otsala mumzindawo ndi owerengeka pa zala. Olowamo ndi alendo okaona malo. Komabe palibe katswiri wa mbiri ya Ayuda, ngakhalenso wa mbiri ya maiko achisilamu ozungulira nyanja ya Mediterranean, yemwe angalembe za zaka za pakati pa 950 ndi 1250 osatchula nyumba imeneyi. Chidaitchukitsa si kukongola kwa zipupa zake ayi, koma kachipinda kamdima ka m'mwamba komwe anthu ankaponyamo mapepala otha ntchito kwa zaka zoposa 800.

Mzinda wa Fustat ndi Ayuda ake

Ayuda sadali alendo m'dziko la Egypt. Buku la Yeremiya limasimba za gulu lomwe lidathawirako mzinda wa Jerusalem utagwa m'manja mwa Ababulo, ndipo lidamutenga mneneriyo paulendowo. Pa chilumba cha Elephantine, pafupi ndi Aswan, padali asilikali achiyuda okhala ndi kachisi wawowawo zaka zoposa 400 Yesu asadabadwe. Ku Alexandria ndiko Malemba a Chihebri adamasuliridwira koyamba m'Chigiriki.

Dera lomwe kuli Ben Ezra lidakula Aluya atalanda dzikolo. M'chaka cha 641 mkulu wankhondo Amr ibn al-As adagonjetsa linga la Babylon n'kukhazikitsa mzinda pambali pake, womwe udatchedwa Fustat. Cairo udabwera pambuyo, mu 969, pomwe mafumu a banja la Fatimid adamanga likulu lawo latsopano chakumpoto. Kwa zaka pafupifupi 200 zotsatira, Cairo udali mzinda wa mafumu ndi asilikali awo, pomwe misika, madoko ndi anthu wamba zidatsalira ku Fustat. Katundu wochokera ku India ndi ku Yemen ankadutsa pomwepa popita ku Tunisia, Sicily ndi Spain.

Ayuda a mumzindawu sadali a mpingo umodzi. Ena ankatsata akuluakulu a sukulu ya chipembedzo ya ku Jerusalem, ndipo sunagoge wawo ankatchedwa wa al-Shamiyyin, kutanthauza wa anthu a ku Palestine ndi Syria. Ena ankatsata masukulu a ku Iraq, dziko la Babulo wakale, ndipo adali ndi sunagoge wawo wa al-Iraqiyyin m'kati mwa linga lomwelo. Gulu lachitatu lidali la a Karaite, omwe amavomereza Malemba okha n'kukana Talmud, mabuku a ziphunzitso ndi zigamulo za aphunzitsi achiyuda.

Benjamin wa ku Tudela, Myuda wa ku Spain yemwe adafika ku Egypt cha m'ma 1170, adalemba kuti a ku Iraq ankamaliza kuwerenga mabuku asanu a Mose m'chaka chimodzi pomwe a ku Palestine ankawamaliza m'zaka zitatu, koma pa zikondwerero ziwiri pachaka magulu awiriwa ankapemphera pamodzi. Ngakhale a Karaite ankakwatirana ndi enawo. Zikalata zina za ukwati zomwe zidapezeka zimaika pangano loti mwamuna asamukakamize mkazi kusiya miyambo ya kwawo pa zakudya ndi masiku a zikondwerero, nkhani yomwe ankhoswe athu a maukwati a mipingo iwiri angaimve msanga.

Mwa masunagoge atatuwa, wotsala ndi mmodzi, wa al-Shamiyyin, ndipo ndiye Ben Ezra wa lero.

Nyumba yomwe idagwa ndi kudzukanso

Malo akale sasowa nthano. Osonyeza alendo malo amati pamenepa ndi pomwe mwana wamkazi wa Farao adatola Mose m'bango, ndipo kuseri kwa nyumbayi kuli chitsime chomwe amachiloza ngati umboni. Ena amagwirizanitsa dzina la sunagogeyu ndi Ezara mlembi, ponena kuti munkasungidwa mpukutu wolembedwa ndi dzanja lake. Palinso nkhani yoti poyamba chidali tchalitchi, ndipo mkulu wa mpingo wa Coptic adachigulitsa kwa Ayuda mu 882 pofuna ndalama za msonkho womwe wolamulira Ahmad ibn Tulun adalamula. Akatswiri ambiri amaikayikira nkhani imeneyi.

Chodziwika bwino n'chakuti cha m'ma 1012 mfumu al-Hakim, yemwenso adalamula kugwetsa tchalitchi cha pamanda a Yesu ku Jerusalem mu 1009, adagwetsa sunagogeyu pa nthawi yomwe ankazunza Akhristu ndi Ayuda. Chizunzocho chitatha, eni ake adamumanganso ndipo ntchito idatha cha m'ma 1040. Mu 1168 nduna yaikulu Shawar idalamula kuti Fustat atenthedwe kuopa kuti angagwe m'manja mwa ankhondo achikhristu ochokera ku Jerusalem. Za m'kati mwa linga zidapulumuka, koma m'zaka mazana otsatira mzindawo udanka nuzilala. Ayuda ambiri adasamukira ku Cairo, kudera lotchedwa Harat al-Yahud, ndipo Ben Ezra adatsala ngati malo okayendera pa zikondwerero, atazunguliridwa ndi mabanja ochepa osauka.

Nyumba yomwe alendo amaona lero idamangidwa pakati pa 1889 ndi 1892, yakale itagumulidwa chifukwa chotha mphamvu, koma amisiri adatsata mamangidwe oyamba. Ili ndi nsanja ziwiri: amuna ankakhala pansi, amayi m'khonde la m'mwamba loyang'ana m'kati. Pakati pali guwa la mwala wa nsangalabwi powerengera Chilamulo, ndipo kukhoma la kummawa kuli kabati yosungiramo mipukutu, yosemedwa mwaluso lofanana ndi la m'mizikiti ndi m'matchalitchi oyandikana nawo. Amisiri a mumzinda umodzi ankagwirira ntchito zipembedzo zonse.

Geniza

Malamulo a chipembedzo cha Chiyuda salola kuti cholembedwa chomwe chili ndi dzina la Mulungu ching'ambidwe dala, chitenthedwe kapena chitayidwe kudzala. Mpukutu wa Chilamulo ukatha, kapena buku la mapemphero likathetheka, amalisunga pamalo otchedwa geniza, mawu ochokera ku tsinde lotanthauza kubisa kapena kusunga. Malowo akadzaza, zolembedwazo amakazikwirira kumanda mwaulemu ngati maliro. Masunagoge ambiri akuchitabe zimenezi mpaka lero.

A ku Fustat adapyola pamenepo. Iwo ankaponyamo pafupifupi chilichonse cholembedwa m'zilembo za Chihebri. Poti anthu a nthawiyo sankalemba kalata osatchula Mulungu, komanso Chiarabu chawo cha tsiku ndi tsiku ankachilemba ndi zilembo za Chihebri, kalata ya malonda ndi kapepala ka ngongole zinkathera komwe kunkathera Masalimo. Chinanso n'chakuti nkhokweyo sankaikokolola. Chipindacho chidalibe khomo. Mapepala ankalowera pa chiboo cha pakhoma, kumapeto kwa khonde la amayi, ndipo ankangounjikana m'badwo ndi m'badwo. Mpweya wouma wa ku Egypt ndiwo udawasunga. Kukadakhala kwathu kuno, chiswe ndi chinyezi cha dzinja zikadamaliza ntchito m'zaka zochepa.

Alendo ena adaidziwa nkhokweyi kale, monga Simon van Geldern cha m'ma 1750 ndi Jacob Saphir zaka zoposa 100 pambuyo pake, koma osamalira nyumbayo ankaopseza ofuna kulowamo kuti muli njoka. Pa nthawi yomanganso sunagoge mapepala ambiri adatulutsidwa, ndipo ena adayamba kupezeka kwa ogulitsa zinthu zakale.

Kumeneko ndiko amayi awiri amapasa a ku Scotland, Agnes Lewis ndi Margaret Gibson, adagula zidutswa zina mu 1896. Amayiwa adali a mpingo wa Presbyterian, odziwa zilankhulo zakale zingapo, ndipo adali atatchuka kale chifukwa cha buku lakale la Uthenga Wabwino m'Chisiriya lomwe adalipeza ku nyumba ya amonke ya Saint Catherine, paphiri la Sinai. Atabwerera ku Cambridge adaonetsa zidutswazo kwa mnzawo Solomon Schechter, Myuda wobadwira ku Romania yemwe ankaphunzitsa pa yunivesiteyo. Pa 13 May 1896 Schechter adazindikira kuti tsamba limodzi lidali la buku la Ben Sira m'Chihebri. Bukuli lili m'Baibulo la Akatolika koma mulibe m'Baibulo la mipingo yambiri ya Chiprotestanti, ndipo kwa zaka mazanamazana linkadziwika kudzera m'zomasulira zokha, makamaka ya Chigiriki yomwe adalemba mdzukulu wa mlembiyo.

Mu December chaka chomwecho Schechter adanyamuka kupita ku Cairo ndi ndalama za Charles Taylor, mkulu wa St John's College. Rabi wamkulu wa mzindawo, Raphael Aaron Ben Shimon, pamodzi ndi akuluakulu a Ayuda adamulola kutenga zomwe wafuna. Adakhala masabata angapo m'fumbi la m'chipindamo, lomwe lidamudwalitsa, ndipo adatumiza mabokosi ku England kumayambiriro kwa 1897. Zomwe adatengazo zidaperekedwa ku laibulale ya yunivesite ya Cambridge mu 1898, ndipo zilipo zidutswa pafupifupi 193 000. Zina zidamwazikira ku Oxford, London, Manchester, Paris, Budapest, St Petersburg, New York ndi Philadelphia. Zonse pamodzi akuti zimafika pafupifupi 400 000.

Kodi kudali kupulumutsa kapena kulanda? Schechter sadabe, chilolezo adapatsidwa ndi eni ake. Koma tisaiwale kuti Egypt adali m'manja mwa Britain kuyambira 1882, ndipo ofesi ya Lord Cromer, yemwe kwenikweni ndiye ankalamula dzikolo, idathandiza kuti mabokosiwo atuluke mosavuta. N'zoonanso kuti zikadatsala, ogulitsa akadapitiriza kuzimwaza kamodzikamodzi. Chosakanika n'chakuti wophunzira wa ku Cairo wofuna kugwira ndi manja kalata yolembedwa mumzinda wake womwe ayenera kupempha chiphaso cholowera ku Britain.

Zomwe zidapezekamo

Oyamba kufufuza ankasaka za chipembedzo, ndipo sadagwiritsidwe mwala. Adapeza gawo lalikulu la Ben Sira m'Chihebri, ndakatulo zamapemphero zikwizikwi zomwe zidali zitaiwalika, ndi zikopa zolembedwa kawiri, pomwe pansi pa Chihebri pankaoneka Chigiriki chofufutidwa. Mu 1910 Schechter adasindikiza cholembedwa chachilendo cha kagulu kena ka Ayuda akale, chomwe tsopano chimatchedwa Damascus Document. Akatswiri adatsutsana kwa zaka zambiri za nthawi yomwe chidalembedwa, mpaka zidutswa zake zidapezeka m'mapanga a ku Qumran pakati pa mipukutu ya ku Dead Sea, yomwe idayamba kutulukira mu 1947. Mudapezekanso nyimbo zachiyuda zakale kwambiri mwa zonse zolembedwa ndi zizindikiro za kaimbidwe, zomwe adalemba Obadiah, munthu wa ku Italy yemwe adasiya Chikhristu n'kulowa Chiyuda mu 1102.

Mapepala a anthu wamba adayamba anyozedwa. Adakhala m'mabokosi kwa zaka zambiri mpaka katswiri wobadwira ku Germany, Shelomo Dov Goitein, adawapatsa moyo wake wonse wotsala. Buku lake, A Mediterranean Society, lidatuluka m'zigawo zisanu kuyambira 1967 mpaka 1988, chomalizacho iye atamwalira kale mu 1985. Mbiri yakale nthawi zambiri imasimba za mafumu ndi nkhondo zawo chifukwa ndi zomwe alembi ankalipidwira kulemba. M'nkhokwe ya ku Fustat mudatuluka mawu a anthu omwe sadaganizepo kuti wina adzawawerenga.

Muli mndandanda wa katundu yemwe mkwati ankalowa naye m'banja, chovala chilichonse ndi mtengo wake. Muli mapangano oletsa mwamuna kukwatira mkazi wachiwiri, ndi zikalata zosudzulana zomwe wamalonda ankasiyira mkazi wake ponyamuka, kuti akapanda kubwerera pofika nthawi yakutiyakuti mkaziyo akhale womasuka kukwatiwanso. Muli makalata a amayi odandaula kwa oweruza kuti amuna awo adawathawa, malangizo a mankhwala, zithumwa, ndi masamba omwe ana ankaphunzirirapo zilembo, ena atajambulidwa m'mphepete. Muli mayina a osauka omwe ankalandira buledi ku sunagoge kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, komanso zopempha za olephera kulipira msonkho womwe boma lachisilamu linkakhometsa Ayuda ndi Akhristu.

Si zonse zokondweretsa. Mulinso zikalata zogulitsirana akapolo, ambiri mwa iwo akazi ogwira ntchito za m'nyumba, ndipo ochuluka adali ochokera ku Nubia, kumtunda kwa Nile. Dzina la mkaziyo, kwawo ndi mtengo wake zidalembedwa mosamala ngati za katundu wina aliyense, mboni n'kusainira.

Makalata a amalonda amasonyeza kutalika kwa njira zawo. Abraham Ben Yiju, wa ku Mahdia ku Tunisia, adakhala zaka pafupifupi 17 ku Mangalore, m'mbali mwa nyanja ku India, komwe adali ndi malo osulira ziwiya za mkuwa ndipo ankalemberana ndi anzake a ku Aden za tsabola ndi chitsulo. Adamasula kapolo wamkazi dzina lake Ashu mu 1132, yemwe akatswiri amati ndiye adadzakhala mayi wa ana ake. Mlembi wa ku India, Amitav Ghosh, adatsata mapazi a Ben Yiju ndi wantchito wake m'buku la In an Antique Land lomwe lidatuluka mu 1992.

Maimonides

Munthu wotchuka koposa onse okhala ku Fustat adali Moses Maimonides. Adabadwira ku Córdoba m'dziko la Spain, banja lake lidathawa chizunzo kudzera ku Fez, ndipo adafika ku Egypt m'zaka za m'ma 1160. Adali mtsogoleri wa Ayuda, sing'anga wa kunyumba yachifumu pa nthawi ya Saladin, komanso mlembi wa Mishneh Torah, buku losanja malamulo onse achiyuda. Adamwalira ku Fustat mu 1204. M'geniza mudapezeka masamba olembedwa ndi dzanja lake, okhala ndi mizere yokhwatcha ndi mawu okonzedwa, mayankho ake achidule pansi pa mafunso a milandu, ndi makalata opempha ndalama zoombolera Ayuda ogwidwa pankhondo.

Chokhudza mtima kwambiri ndi kalata ya mng'ono wake David, wamalonda a miyala yamtengo wapatali yemwe ankadyetsa banja lonse kuti mkulu wake aziphunzira. David adailemba ali padoko la Aydhab, pa Red Sea, atadutsa chipululu movutikira. Adafotokoza kuti sadapezepo katundu woyenera kugula, choncho waganiza zopitirira mpaka ku India, ndipo adapempha mkulu wakeyo kuti atonthoze a kunyumba. Chombo chake chidamira panyanja. Maimonides adalemba pambuyo pake kuti uthengawo udamugoneka pamphasa pafupifupi chaka chathunthu.

Ku Harat al-Yahud kuli sunagoge wina wotchedwa dzina lake, yemwe boma la Egypt lidamukonza n'kumaliza mu 2010. Kale odwala ankakagona m'chipinda chake chapansi poyembekeza kuchira.

Nyumba zopanda eni

Pofika 1948 m'dziko la Egypt mudali Ayuda pafupifupi 75 000 kapena kuposerapo. Nkhondo ya chaka chimenecho pakati pa Israel ndi maiko a Aluya, mkangano wa ngalande ya Suez mu 1956, pomwe ambiri adathamangitsidwa ndi kulandidwa katundu, ndiponso nkhondo ya 1967, zidalimaliza gululi. Adabalalikira ku Israel, France, Brazil, America ndi kwina. Mwambo umafuna amuna khumi kuti mapemphero apagulu achitike, ndipo Cairo sangawakwanitse popanda alendo. Kuyambira 2013 mtsogoleri wa otsalawo ndi Magda Haroun, mwana wa loya Shehata Haroun yemwe adakana kuchoka m'dziko lobadwira. Ntchito yaikulu ya mayiyu ndi kusamalira masunagoge ndi manda akale a Bassatine, mothandizana ndi bungwe la Drop of Milk, lomwe mamembala ake ena ndi Asilamu ndi Akhristu.

Ben Ezra adakonzedwa Egypt ndi Israel atasainirana mtendere mu 1979. Ntchitoyo, yomwe adatsogolera katswiri wa zomangamanga wa ku Canada, Phyllis Lambert, idatha mu 1991. Boma lidakonzanso denga, zipupa ndi magetsi posachedwapa, ndipo nduna yaikulu Mostafa Madbouly idatsegulanso nyumbayi pa 31 August 2023. Ena amaona chidwi cha bomachi ngati njira yokopera alendo, ena ngati kuvomereza mochedwa kuti Ayuda adali gawo la Egypt. Mwina zonse ziwiri n'zoona.

Zina za m'nyumbamo zidatsata njira ya mapepala. Chitseko china chosemedwa cha kabati ya mipukutu chidapezeka pamalo ogulitsira katundu wakale ku Florida, ndipo tsopano eni ake ndi Walters Art Museum ya ku Baltimore pamodzi ndi Yeshiva University Museum ya ku New York.

Ntchito yowerenga sidathe. Cambridge idakhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za geniza mu 1974, ndipo mu 2013 idagwirizana ndi Oxford kugula zidutswa za amapasa aja pa mtengo wa £1.2 miliyoni kuti zisamwazike. Zidutswa zambiri zidajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti kudzera mu Friedberg Genizah Project, ndipo makompyuta amathandiza kufananitsa kalembedwe ka manja ndi maonekedwe a masamba. Mwanjira imeneyi theka la tsamba lomwe lili ku Cambridge limatha kupeza linzake ku New York kapena ku St Petersburg, ndipo kalata yomwe idang'ambika zaka mazana apitawo imawerengeka kuyambira moni mpaka dzina la mwini wake.